Njoka ya m'foni ndi anthu a ku Chifunde

Munthu wapaulendo akachoka mu mzinda wa Tete m'mamawa, n'kuwoloka mtsinje wa Zambezi, sayenda mtunda wautali asanafike pamene msewu umagawikana pawiri. Wina umalowera ku Moatize ndi ku Zobue, kumalire a dziko la Malawi, pamene winawo umakhotera kumpoto, kudutsa m'boma la Chiuta, kukalowa m'boma la Chifunde mpaka kukafika pa chipata cha Cassacatiza, pomwe pali malire a dziko lino ndi la Zambia. Msewu wachiwiriwu ndi wa makilomita opitirira 250 ndipo amene adayendapo amadziwa kuti ulendo wake umafuna munthu wodekha mtima.

Kudekhako kumayambira pa siteji pomwe. Galimoto ya chapa sinyamuka poti nthawi yakwana ayi, imanyamuka ikadzaza, ndipo kudzaza kwake kumatha kutenga maola awiri kapena atatu. Amayi amagula nthochi ndi madzi ozizira kudzera pa zenera, abambo amaodzera, ana amalira ndi kutentha. Koma pakati pa anthuwa sipalephera kupezeka mmodzi amene wawerama, m'manja muli kafoni kakang'ono ka mabatani, chala chachikulu chili kalikiliki. Woyandikana naye amayamba waganiza kuti mnzakeyo akulemba uthenga, koma akasuzumira amaona kamzere kakuda kakuyenda pa galasi, kukhotera uku ndi uko, kuthamangira kadontho. Awa ndiwo masewero a Snake, amene ambiri amangowatchula kuti njoka.

Masewerowa ndi akale ndithu, ndipo anyamata ambiri amene amawasewera lero adabadwa iwo alipo kale. Ngakhale zili choncho sadathe, ndipo m'boma la Chifunde ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimagawa anthu pawiri. Alipo ena amene sangathe tsiku osagwirako njoka, komanso alipo ena amene akangoiona amapukusa mutu n'kunena kuti kumeneko n'kutaya nthawi. Chodabwitsa n'chakuti magulu onse awiriwa akamafotokoza maganizo awo amaloza chinthu chimodzi chomwecho, wina nachiyamikira, wina nachinyoza. Kuti munthu amvetse bwino nkhaniyi ayenera kuyamba walidziwa dera lomwe.

Dziko la mapiri ndi zigafa

Kuchigwa cha Zambezi n'kotentha, kwa malambe, minga ndi mbuzi, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala matumba a makala odikira wogula. Koma galimoto ikamapita chakumpoto dziko limayamba kukwera pang'onopang'ono. Malambe amachepa, m'malo mwake mumabwera nkhalango za mitengo ya mombo ndi misuku, mapiri a miyala, minda ya chimanga, mtedza, thonje ndi fodya. Pafupi ndi nyumba zambiri pamaoneka zigafa, madenga ataliatali a udzu momwe alimi amapachikamo fodya wa bale kuti aume. Mitsinje ya Luia ndi Kapoche ndiyo imatenga madzi a m'mapiriwa kupita nawo ku Zambezi.

Boma la Chifunde lidagawidwa m'zigawo zitatu, cha Chifunde, cha Mualadzi ndi cha N'sadzu, ndipo kalembera wa m'chaka cha 2007 adapezamo anthu opitirira pang'ono 100,000. Ambiri mwa iwo ndi Achewa. Dera la mtsinje wa Kapoche limadziwika m'mbiri kuti ndiko kudali likulu la ufumu wa Undi, ku Mano, ndipo mpaka lero mwezi wa Ogasiti mafumu ndi anthu a kuno amawoloka malire kupita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukachita nawo mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kusukulu ndi kumaofesi kumalankhulidwa Chipwitikizi, koma kumunda, kumsika, kudambwe ndi pamaliro ndi Chichewa chokhachokha.

Anthuwa adazunzika kwambiri pa nkhondo ya pachiweniweni. Midzi yambiri idasamuka, ena kuthawira ku Malawi, ena ku Zambia kumene boma lidawasunga pa malo a Ukwimi m'boma la Petauke. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera m'zaka za 1993 ndi 1994 ndipo adapeza milatho yothyoka, masitolo opanda madenga ndi minda yosanduka tchire. M'zaka zomanganso dzikozo ndi pamene m'misika ya m'maiko ano mudafala timakina ta pulasitiki totchipa ta ku China, toyendera mabatire awiri, tokhala ndi masewero oyala njerwa. Masewero amenewo adatengera Tetris, amene adapangidwa ndi a Alexey Pajitnov ku Moscow m'zaka za m'ma 1980. Kwa ana ambiri aka kadali koyamba kuona chinthu chikuyenda pa galasi chifukwa cha chala chawo. Koma timakinato sitinkakhalitsa, ndipo mabatire akatha makolo sankakhala ndi ndalama yogulira ena.

Foni idafika netiweki isadafike

Njoka idabwera mwa njira ina, idabisala m'foni. Kampani ya mcel idayamba ntchito ya mafoni a m'manja m'dziko muno m'chaka cha 1997 ndipo ya Vodacom idatsatira m'chaka cha 2003, koma kwa nthawi yaitali nsanja zawo zidali m'mizinda ndi m'misewu ikuluikulu. Midzi yambiri yakutali idayamba kumva foni ikulira bwinobwino kampani ya Movitel itabwera m'chaka cha 2012. Izi zikutanthauza kuti kwa zaka zingapo mnyamata wogulitsa fodya kapena wobwera kuchokera ku Tete, ku Chipata kapena ku Lilongwe ankatha kukhala ndi foni m'thumba koma wopanda poimbira, pokhapokha atakwera pa chulu kapena paphiri kukasaka netiweki. Masiku ena onse foniyo inkagwira ntchito ya wotchi, ya tochi ndi ya masewero.

Amene adaika njoka m'foni ndi katswiri wa ku Finland, a Taneli Armanto, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Nokia. Iwo adalemba masewerowa m'chaka cha 1997 kuti alowe m'foni ya Nokia 6110. Maganizo ake sadali atsopano, chifukwa m'chaka cha 1976 kampani ya Gremlin ya ku America idali itatulutsa kale masewero otchedwa Blockade, momwe anthu awiri ankayendetsa mizere iwiri yomakulirakulira, aliyense kufuna kutsekereza mnzake. Koma Nokia ndiyo idawafikitsa m'manja mwa anthu wamba. Foni ya 3310, yomwe idatuluka m'chaka cha 2000 ili ndi Snake II, idagulidwa yokwana 126 miliyoni. Ya 1100, ya m'chaka cha 2003, ija yokhala ndi tochi kumutu ndi mabatani osalowa fumbi msanga, idapitirira 250 miliyoni ndipo ndi imodzi mwa mafoni amene adafala kwambiri m'midzi ya mu Africa. Batire lake linkatha masiku angapo, chinthu chofunika zedi kumalo kopanda magetsi.

Malamulo a masewerowa mwana amawagwira pa mphindi imodzi. Njoka imayenda yokha ndipo siima. Wosewera amangoiwongolera ndi mabatani anayi, 2 kupita m'mwamba, 8 kupita pansi, 4 kumanzere ndi 6 kumanja. Ikadya kadontho imatalika pang'ono ndipo mapointi amawonjezeka. Ikagunda khoma kapena kudziluma thupi lake lomwe, masewero athera pomwepo ndipo munthu amayambanso ndi kanjoka kakafupi. Mu Snake II muli mwayi woti njoka ituluke mbali imodzi ya galasi n'kutulukira mbali inayo, komanso nthawi ndi nthawi mumabwera kachilombo ka mapointi ambiri kamene kamasowa munthu akachedwa. Liwiro munthu amasankha yekha, ndipo njoka yothamanga kwambiri ndiyo imapereka mapointi ochuluka pa kadontho kalikonse.

Pa chipata cha Cassacatiza

Wofuna kuona anthu okonda njoka apite kumene anthu amadikira. Pa Cassacatiza magalimoto akuluakulu onyamula katundu pakati pa doko la Beira ndi dziko la Zambia amandanda m'mbali mwa msewu kudikira mapepala. Tsidya linalo ndi Chanida, ndipo kuchoka pamenepo msewu umakafika ku Katete. Dalaivala amatha kukhala pamalopo tsiku lonse, mwina kugona pomwepo. Waphika nsima pansi pa galimoto, wachapa malaya, wacheza ndi osintha ndalama za kwacha ndi metikali mpaka nkhani zatha, koma mapepala sadatuluke. Ambiri mwa madalaivalawa ali ndi mafoni amakono, komabe amasunganso kafoni ka mabatani chifukwa sikatha moto msanga, ndipo nthawi ngati imeneyi ndi pamene kamatuluka m'thumba.

Zomwezi zimaoneka pa misika ya fodya m'miyezi yogulitsa, pamene mlimi amakhala pambali pa mabelo ake kuyambira m'mawa kudikira kuti dzina lake liitanidwe. Zimaonekanso kwa mlonda usiku, kwa wodwazika matenda pa khonde la chipatala, ndi kwa mnyamata wogulitsa mu kagolosale kamene pa ola lonse kamalandira ogula awiri. Onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: ali ndi nthawi yambiri imene sadaifune, sangachoke pamalopo, ndipo alibe mnzawo wocheza naye. Kwa munthu wotere njoka ndi bwenzi labwino. Sifuna mayunitsi, sifuna netiweki, sifuna munthu wachiwiri, ndipo dzina likaitanidwa amangoisiya osalakwira wina aliyense.

Chinanso chimene okonda masewerowa amatchula n'chakuti safuna sukulu. Munthu amene sadziwa Chipwitikizi kapena Chingerezi, ngakhale amene sadziwa kuwerenga n'komwe, amasewera mofanana ndi mphunzitsi. Mulibe nkhani yoti aitsatire, mulibe mawu oti awamasulire. Muli diso ndi chala basi. Ndipo njoka sinamiza munthu. Ikafa, wosewera amadziwa pomwe walakwitsa, kaya wachedwa kukhota kapena wathamangira kachilombo ka mapointi ambiri n'kudzitsekera njira yekha. Paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Kudziwa cholakwa chakeko ndi kumene kumamukoka kuti ayambenso, chifukwa mumtima amati ulendo uno sindibwereza.

Amene adazolowera amanena kuti masewero enieni amayamba njoka ikatalika. Poyamba munthu amangothamangira chakudya, koma thupi likadzaza theka la galasi amayenera kuganiza za mchira kuposa za mutu. Amayamba kuyenda m'mbalimbali, kupinda thupi mwadongosolo ngati mizere ya m'munda, ndi kusiya kanjira kothawira. Apa pamafunika mtima wofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni imasunga mapointi apamwamba amene munthu adafikapo, choncho mdani wa wosewera ndi iye mwini wa dzulo. M'nyumba momwe foni ndi imodzi, chiwerengero chimenechi chimasanduka mpikisano wa mwakachetechete. Mkulu akapita kumunda, mng'ono wake amatsala akulimbana nacho, ndipo madzulo mkuluyo amapeza kuti mbiri yake yafufutidwa.

Pansi pa mtengo wa mango

Koma wapaulendo akachoka pa msewu wa tala n'kulowa m'midzi ya ku Mualadzi kapena ku N'sadzu, amapeza anthu ena amene nkhani ya njoka saimva kukoma. Masana ntchito ya kumunda ikatha, abambo amasonkhana pansi pa mtengo wa mango kapena pa khonde la sitolo mozungulira thabwa la bawo, la maenje 32 m'mizere inayi. Kwina amangokumba maenje pansi n'kutola timiyala, kusewera nchuwa, imene ku Zambia amati nsolo ndipo kummwera kwa dziko lino amati ntxuva. Osewera ndi awiri koma oonerera amatha kukwana khumi, ndipo aliyense ali ndi maganizo ake. Wina akulangiza, wina akutsutsa, wina akuseka amene wadyeredwa nkhomo. Pomwepo pamakambidwa za mtengo wa feteleza, za mlandu wa malire a munda, za mwana wa uje amene wapita kukakumba golide.

Kwa abambo amenewa vuto loyamba la njoka ndi lomwe lija okonda amaliyamikira, loti munthu amasewera yekha. Iwo amafunsa kuti kodi masewero opanda mnzako ndi masewero? Ukapambana wagonjetsa yani, ndipo adzakuchitira umboni ndani? Pa bawo munthu amawerenga nkhope ya mnzake, amamutchera msampha, amamunamiza ngati walakwitsa pamene akumukokera kudzenje. Akamudya, mudzi wonse umamva, ndipo wogonjayo amabwera mawa kudzabweza. Galasi la foni ndi laling'ono moti ngakhale anthu awiri sangaonere bwino pamodzi. Mnyamata amene wawerama pa foni ali pagulu koma sali nawo, ndipo kwa anthu amene adakula akudziwa kuti mutu umodzi susenza denga, khalidwe limeneli limaoneka ngati mwano.

Vuto lachiwiri ndi lakuti njoka ilibe mapeto abwino. Pa bawo pali wopambana ndi wogonja, ndipo masewero akatha anthu amaimirira n'kudziwongola. Pa njoka, kupatula akatswiri ochepa kwambiri amene amafika podzaza galasi lonse, aliyense amathera pa imfa ya njoka yake. Wasewera bwino kapena moipa, mathero ndi amodzi. Masewero onse awiriwa ndi a kudya, koma kudya kwake n'kosiyana. Pa bawo ukadya nkhomo za mnzako umalemera ndipo iye amasauka. Pa njoka ukadya umadzionjezera katundu, malo amachepa, ndipo chimene chidzakuphe ndi thupi lako lomwe. Mlimi amene adatengapo mbewu ndi feteleza pa ngongole, nakulitsa munda chaka ndi chaka, n'kupeza kuti pogulitsa ngongole nayonso yakula, sasowa womufotokozera za chinthu chimene chimakula mpaka kudzimanga chokha. Ena mwa alimi otere amaseka n'kunena kuti zimenezo amaziona kale kumunda, sangakazifunenso m'foni.

Palinso nkhani ya thupi. Masewero a bawo amalola munthu kukhala chete, kuwerenga maenje ndi maso, kusinkhasinkha, ndipo nkhalamba ya zaka 70 imatha kugonjetsa mnyamata wa zaka 20 popanda vuto. Njoka sidikira munthu. Imafuna maso akuthwa ndi chala chopepuka, pamene chala chimene chagwira khasu zaka makumi anayi chimadina mabatani awiri nthawi imodzi. Munthu wamkulu akayesa kawiri katatu njoka n'kumafa isadadye n'komwe, ana ali pambali akuseka, amabweza foniyo ndipo sadzaigwiranso. Choncho ena amene amati masewerowa ndi achibwana, kunena zoona adangokumana nawo mochedwa. Ndipo sitingaiwale kuti kumudzi njoka si chinthu choseweretsa. Munthu amene adaonapo mbobo kapena mphiri m'munda mwake sakondwa kumva kuti mwana wake akuweta njoka m'thumba, ngakhale ikhale ya madontho.

Moto wa m'foni

Amayi ambiri alibe nthawi ya bawo ngakhale ya njoka, koma nawonso ali ndi mawu pa nkhaniyi ndipo mawu awo ndi a ndalama. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwe chino cha Tete, nyumba zambiri za m'midzi ya Chifunde zilibe magetsi. Foni imatchajidwa pa sola, ndipo amene alibe sola yake amalipira kwa mnzake kapena pa kagolosale. Foni yomweyo ndiyo tochi ya usiku, ndiyo yolandirira ndalama kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kuchokera kwa mwana amene ali ku tauni, ndiyonso yoitanira njinga yamoto munthu akadwala pakati pa usiku. Mayi amene wapeza foni itazima nthawi ya mavuto chifukwa ana adatha moto ndi njoka sangauzidwe kuti masewerowa ndi aulere. M'mabanja ambiri mkangano wa njoka si wa kukoma kapena kusakoma kwake, ndi wa batire.

Komabe alipo makolo ena amene masiku ano amaiona njoka ndi diso lachifundo, chifukwa aona zina zoopsa kuposa iyo. Mafoni amakono adabweretsa masewero a juga, momwe mnyamata amaika ndalama yeniyeni ndi chiyembekezo choti ichuluka pa kamphindi. Ndalama ya fodya kapena ya ganyu imatha kupita yonse usiku umodzi munthu ali chigonere pa mphasa. Poyerekeza ndi zimenezi, njoka imadya nthawi ndi moto basi. Sipempha ndalama, silonjeza chuma, ndipo palibe amene adagulitsapo mbuzi chifukwa cha iyo.

Tsobola wakale

Gulu lomaliza la osakonda njoka ndi la achinyamata amene adayamba ndi mafoni a galasi lalikulu. Awa adazolowera masewero a mpira okhala ndi osewera ooneka ngati anthu enieni, a mipikisano ya magalimoto ndi a nkhondo, okhala ndi mitundu ndi nyimbo. Akapatsidwa kafoni ka mabatani amayang'ana kamzere kakuda kaja n'kufunsa kuti zonse ndi zomwezi? Kwa iwo tsobola wakale sawawa. Sadaone nthawi imene kamzereko kadali chinthu chokhacho choyenda pa galasi m'mudzi wonse, pamene anyamata ankapatsirana foni imodzi mpaka batire kuthera m'manja.

Apa ndi pamene pamaonekera kuti mbali ina ya chikondi cha njoka ndi chikumbutso. Bambo wa zaka 40 akamasewera amakumbukira foni yake yoyamba, fodya amene adagulitsa kuti aigule, ndi ulemu umene adalandira atafika nayo kumudzi. Makampani amazidziwa zimenezi. Nokia idagulitsa gawo lake la mafoni ku Microsoft m'chaka cha 2014, koma m'chaka cha 2017 kampani ya HMD Global idatulutsanso foni ya 3310 yatsopano, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene idalengeza monyadira chidali chakuti njoka ilimo. Masewero ofanana nawo amapezekanso m'mafoni amakono, koma ambiri amene adazolowera akale amati sizikoma chimodzimodzi. Chala chidaphunzira kumva batani likudinika, ndipo pa galasi losalala chimasochera.

Choncho wapaulendo akamabwerera kuchokera ku Cassacatiza amakhala ataona kuti mkanganowu suli pa njoka yokha. Masewerowa adapangidwira munthu mmodzi amene ali ndi nthawi yodikira, ndipo alibe mapeto. Kwa dalaivala wa pa chipata, mlonda ndi mlimi wa pa mzere, zimenezi ndizo ubwino wake, chifukwa kudikira kwawo nakonso kulibe mnzake ndipo sikudziwika pothera. Kwa abambo a pansi pa mtengo wa mango zomwezi ndizo kuipa kwake, chifukwa iwo pa masewero amafunapo anthu, phokoso ndi chigamulo. Munthu mmodzi yemweyo amatha kupezeka mbali zonse ziwiri. Dalaivala amene wakhala ndi njoka tsiku lonse pa malire, akafika kwawo n'kupeza thabwa la bawo layalidwa, foni imabwerera m'thumba.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri a Chifunde, abambo a pa bawo amatola nkhomo zawo n'kuika m'kachitini, chifukwa maenje saonekanso. Amabalalika akukangana za dzanja lomaliza, wogonja akulonjeza kuti mawa ziona. Utsi wa nsima umakwera m'makhitchini, ng'ombe zimalowa m'khola. Pa khonde la nyumba ina pamaoneka kakuwala kakang'ono kakuunikira nkhope ya mwana amene wabwereka foni ya amake ponena kuti akufuna kuona nthawi. Amake ali m'khitchini akudziwa bwino chimene chikuchitika, ndipo posachedwa amuitana kuti abweze foniyo moto usadathe.